Pakamwa pa Lenard Wakanema

Kuyambira ku Chikombe mpaka ku Khombedza anthu ankamudziwa ndi dzina loti Lenard Wakanema. La bambo ake, Zakeyu, linkamveka kutchalitchi kokha. Anali munthu wamfupi, wotsimphina mwendo wamanzere, koma mawu ake anali aakulu osayenerana ndi thupilo. Kwawo kwenikweni kunali kumtunda, chakufupi ndi Chinguluwe. Kunyanja anadzakhala chikamwini atakwatira Enifa, mkazi wogulitsa utaka wouma, ndipo anabereka naye ana awiri, Gladys ndi Mayeso.

Kutsimphinako anakutenga ku Joni. Ulendo wake wachitatu wa pa Wenela, kampani yotenga anthu kukagwira ntchito kumigodi, mwala unamuphwanya bondo pansi pa mgodi. Atatuluka m'chipatala, azungu sanamubweze kumudzi koma anamupatsa ntchito yosesa holo ya pa komponi, malo okhala anthu a pamgodi. M'holomo Loweruka lililonse ankaonetsa kanema wa azungu okwera akavalo, kanema wakalekale wopanda mitundu, woti ngakhale kwawo kumene anapangidwa anali ataiwalika. Nkhani imodzi ankaidula m'zigawo khumi ndi ziwiri, ndipo chigawo chilichonse chinkathera pamalo oipa: ngolo ikugubudukira kuphompho, kapena munthu atamangidwa m'nyumba yoyaka moto. Wofuna kudziwa ngati munthuyo wapulumuka ankayenera kubweranso Loweruka linalo. Lenard anaonera zigawo zotere kambirimbiri. Anaphunzira kulowetsa filimu m'makina, kuilumikiza ikaduka, ngakhalenso kutolako Chizungu chothamanga cha anthu a pa akavalowo.

Mu 1975, anthu a pa Wenela atabwezedwa kumudzi, anzake anagula njinga, mawailesi ndi malata. Iye anakagula makina a kanema kwa Mmwenye wina wa pa Salima amene ankatseka sitolo kuti asamukire m'tauni. Pamodzi ndi makinawo panali kainjini ka magetsi ndi bokosi la zitini khumi ndi ziwiri, nkhani imodzi yathunthu.

"Bambo a Gladys," anatero Enifa atawaona akutsitsa katunduyo pa ngolo, "denga likudontha, inu n'kukagula chitsulo cholira?"

Amene anamuikira kumbuyo anali mlamu wake Stanley, mchimwene wa Enifa. Stanley anali msodzi wa bwato lakelake, mwini mbumba wa pabanjapo, munthu wamtali woseka ndi thupi lonse. Ndiye anakapempha shedi yakale ya thonje pafupi ndi doko, ndipo ndiye anakwera pamwamba kutseka mazenera ndi masaka kuti m'kati mude ngakhale masana. Lenard anakatenga chilolezo ku boma. Atcheya a nthambi ya chipani anapatsidwa mpando pafupi ndi khomo, pamene ankaona makhadi a olowa, ndipo Enifa, ngakhale ankanyinyirika, anavomera kukhala pakhomopo ndi mbale yolandirira matambala.

Kanema ankayamba Loweruka masana, mabwato asanalowe m'madzi. Vuto linali lakuti anthu sankamva Chizungu. Choncho Lenard ankaima pambali pa makina, n'kumawauza zimene azunguwo akunena. Apa m'pamene mphatso yake inaonekera. Ankasintha mawu, kulankhula ngati nkhalamba, ngati mkazi, ngati chidakwa. Mzungu akangoti mawu awiri, Lenard ankamuonjezera khumi. "Iwe, chotsa kavalo wakoyu, akundidyera chinangwa!" Shedi yonse inkagwa ndi phwete. Mnyamata wolimba mtima wa m'nkhanimo anthu anamutcha Chipewa. Mkazi wamasiye amene iye ankamuthandiza anamutcha Nangozo. Mwini chuma wankhanza anangoti Bwana Mimba.

Mlungu wonse, posoka maukonde ndi poyanika nsomba, nkhani inali yomweyo. Kodi Chipewa atuluka bwanji m'dzenje lija? Amuna akuluakulu ankakangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana. Ena ankamutsata Lenard kumbali ndi chambo chonona kuti awanong'oneze. Iye ankalandira chambocho n'kunena kuti, "Loweruka si kutali." Miyezi imeneyo ndiyo yokha m'moyo wake imene anthu ankamupatsa moni asanafike pafupi. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nkhani ya m'kanemayo inali ya madzi. Bwana Mimba anatchinga mtsinje ndi waya waminga kuti ng'ombe za anthu osauka zife ndi ludzu, eni ake atope n'kumusiyira malo. Kwa anthu a kunyanja imeneyo inali nkhani yakutali, yoseketsa chabe, mpaka mwezi wa Febuluwale 1976. Mwezi umenewo kunabwera lole ndi mitengo ndi mikombero ya waya. Bwana wina wamkulu wa ku Lilongwe, amene dzina lake anthu sankalitchula mokweza, anali atapatsidwa gombe lonse la pa doko kuti amangepo nyumba yopumuliramo. Pa masiku atatu, malo amene mabwato ankakocheza chiyambire makolo anali m'kati mwa mpanda. Asodzi anayamba kukocheza kumabango, pamatope, kumene ng'ona inkaonekera kawirikawiri. Palibe anadandaula. Masiku amenewo munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanatsokomole.

Lenard ankadziwa zimene zinali m'chitini chachisanu ndi chitatu, chifukwa anali atachionera yekha poyesa makina. Anaganiza zochidumpha, koma chachisanu ndi chiwiri chinathera Chipewa atazingidwa ndi moto wa m'tchire, ndipo anthu sakanamulola. Anadziuza kuti adzangofotokoza mouma, osaonjezera kanthu.

Loweruka lomaliza la Malichi shedi inadzaza mpaka ena anakhala pa mitanda ya denga. Chipewa anapulumuka motowo pobisala m'khwawa. Kenako anakwera kavalo, nafika pa mpanda uja, ng'ombe zowonda zikulira kumbuyo kwake. Anatulutsa chodulira. Waya woyamba unaduka, wachiwiri, wachitatu. Mlonda wa Bwana Mimba anafika ndi mfuti. Pamenepo pakamwa pa Lenard panathamanga pokha, monga mwa masiku onse.

"Madzi awa unakumba ndiwe?" anakuwa m'mawu a Chipewa. "Agogo ako anawapeza, nawenso udzawasiya!"

Ng'ombe zinakhamukira kumtsinje. Ndipo kumbuyo kwa shedi kunamveka mawu aakulu, oseka:

"Tamuitaneni Chipewayu abwere kuno, kuli waya wina!"

Anthu anaseka kamodzi, mwamphamvu, kenako onse anangoti zii ngati wina wawatsina. Kunatsala kulira kwa kainjini panja. Lenard sanacheuke. Mawuwo ankawadziwa monga ankadziwira ake omwe: anali a Stanley. Atcheya pampando wawo sanaseke.

Lachitatu m'mawa waya wa pa doko unapezeka utadulidwa malo anayi. Amene anaudula sanadziwike, ndipo mpaka lero sadziwika. Lachinayi nyengo ya usodzi inatsegulidwa pa chilumba cha Mbenji, ndipo Stanley ananyamuka ndi anzake kukakhala kumeneko monga ankachitira chaka chilichonse. Lachisanu, Lenard akutsuka makina pakhonde, galimoto ya apolisi inaima pabwalo. Anamutenga iye, makina, kainjini ndi zitini zonse.

Amene ankamufunsa mafunso sanavale yunifolomu. Anali bambo wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono ndi mwaulemu. Tsiku lachiwiri analamula kuti makina aikidwe mu ofesi, mazenera atsekedwe ndi mabulangete.

"A Zakeyu, tamva kuti mumasangalatsa anthu. Tationetseni chigawo chija. Mufotokoze ndendende mmene munafotokozera Loweruka."

Lenard analowetsa filimu m'makina. Akavalo anayamba kuthamanga pakhoma, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Anafotokoza ndi mawu aang'ono, ouma. Atafika pa waya anati, "Apa akuti tiyeni."

"Zoonadi, mzunguyu wati tiyeni," anatero wa magalasi uja. "Chizungu ndimamva. Nanga zakuti madzi unakumba ndiwe, zakuti agogo ako anawapeza, munazitenga kuti? M'filimu mulibe."

"Ndimangokometsera, bwana, kuti anthu aseke."

"Anasekadi. Amene anakuwa kumbuyo ndani?"

"Munali mdima, bwana. Sindinamuone."

"Sindinati munamuona. Munthu wa makutu ngati anu, wotha kutsanzira mawu a aliyense, angalephere kudziwa mawu a munthu wa m'mudzi mwake?"

Atatero anatuluka, ndipo analowa ena awiri amene sankafunsa mafunso. Anazindikira msanga kuti bondo lamanzere ndilo lofooka. Tsiku lililonse zinkayenda choncho: wa magalasi m'mawa, awiri aja masana. Lenard anapirira masiku khumi. Ankadziuza kuti mwala wa ku Joni unali woposa pamenepa.

Tsiku la khumi ndi limodzi wa magalasi anabwera ndi tiyi m'kapu, namupatsa.

"Ndatopa nanu, a Zakeyu. Mwina simukudziwadi. Koma pakhomo pankakhala akazi anu, ndipo kumbuyo kwa shedi n'kufupi ndi khomo. Mawa galimoto ikukawatenga. Anawo apeza wowasunga."

Lenard anayang'ana tiyiyo. Anaganiza za Enifa m'chipinda chija ndi anthu awiri aja. Kenako anaganiza kuti Stanley ali pa Mbenji, pakati pa madzi, ndi bwato lake. Mbiri imathamanga pa nyanja. Akangomva, awoloka kupita ku Makanjira, n'kulowa m'dziko la eni. Anadziuza choncho kawiri, katatu, mpaka anakhulupirira. Ndiye anatchula dzinalo. Wa magalasi analemba, namuwerengera, ndipo Lenard anasaina.

Anamutulutsa patapita masabata ena awiri, wopanda makina. Anafika kumudzi pa ngolo ya ng'ombe chifukwa sankatha kuponda. Stanley anali atatengedwa kale. Boti la apolisi linakamupeza pa Mbenji akuyanika utaka, asanamve kalikonse. Patapita masiku owerengeka anabweranso kudzatenga Enock, msodzi amene ankapalasa naye bwato limodzi, mwana yekhayo wa mayi wamasiye dzina lawo a Agnes.

Mudzi wonse unati ndi atcheya anapereka mayinawo. Anthu anamulandira Lenard ngati munthu wovutikira anzake. Enifa ankamuthowa bondo ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Loveness, mkazi wa Stanley, ankabwera ndi phala la mpunga, n'kukhala pansi pafupi ndi mphasa yake.

"Alamu, kumene munaliko, kodi amapatsa anthu chofunda? Abambo a kwathu aja chifuwa sichichedwa kuwagwira."

"Amapatsa," ankatero Lenard, n'kudya phalalo.

Anasunga chinthucho m'mimba miyezi isanu. Anawonda, tulo tinamuthawa, ndipo kutchalitchi, kumene kale ankawerenga mawu, anapempha kuti asankhe wina. Tsiku lina la mu Seputembala anapeza Enifa yekha pa thandala akutembenuza nsomba padzuwa. Anaima pambali pake atatsamira ndodo.

"Mayi a Gladys, si atcheya. Ndine."

Enifa anapitiriza kutembenuza nsomba.

"Anati akubwera kudzatenga inu. Ndinkayesa alamu athawa."

Mkaziyo anamaliza mzere wonse, napukuta manja pa chitenje. Pamene anamuyang'ana, m'maso mwake munalibe misozi.

"Munandifunsa ine? Mukanawasiya abwere. Ine ndikanati sindinamve, ndipo akanatopa nane." Anakunga chitenje chake. "Phala la Loveness munkadya bwanji?"

Enifa anabwerera ku nsomba zake, napitiriza kulankhula.

"Musauze munthu wina aliyense. Amayi anga akamva, afa. Ndipo simuchoka pano. Ana a achimwene ndi anayi, mudzawadyetsa ndinu."

Sanamuthamangitse, koma kuyambira tsiku limenelo anasamutsira mphasa yake kuchipinda cha Gladys. Ankamuphikira, kumuchapira, kumuyankha akafunsa za mchere kapena za ana. Kupitirira apo ayi. Anthu akunja ankaona banja labwinobwino.

Lenard anamanga kachisakasa pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukonza njinga, mapulaimasi ndi nyali za asodzi. Pambuyo pake anaphunzira injini za maboti. Manja ake ankadziwa zitsulo, ndipo ntchito sinkasowa. Zimene ankapeza zinkagawidwa pawiri, kwake ndi kwa Loveness. Bwato la Stanley ankalimata phula chaka chilichonse kuti lisaole. Anthu ankamutama kuti mkamwini wotere sapezeka, ndipo mawu amenewo ankamupweteka kuposa bondo. Nyumba ya bwana wa ku Lilongwe inamangidwa, yoyera, ya mazenera aakulu. Mwini wake ankabwerako kawiri pa chaka.

Stanley anabwera mu 1980, patatha zaka zinayi, popanda mlandu, popanda kalata. Anangotsika basi pa Khombedza n'kuyenda wapansi. Mano akutsogolo analibe, msana unali utapindika, ndipo ankatsokomola mosalekeza. Akazi analulutira, ena analira. Lenard anamupatsa moni pagulu, kenako anakabisala kuchisakasa chake masiku atatu.

Tsiku lachinayi m'mawa Stanley anabwera yekha. Anakhala pa chitsa, nayang'ana injini imene Lenard anaimasula.

"Alamu, mwakalamba."

"Inunso, alamu."

"Pepala lanu lija anandiwerengera tsiku loyamba lomwe. Anandionetsa ndi siginecha."

Sipanala inagwa m'manja mwa Lenard. Anafuna kugwada koma bondo linakana, ndiye anangokhala pansi pa dothi, miyendo ili tambalale ngati mwana.

"Ndilibe mawu, alamu. Chitani nane chimene mukufuna."

"Munapirira masiku angati?"

"Khumi. La khumi ndi limodzi ndinanena."

Stanley anagwedeza mutu. Anatsokomola nthawi yaitali, nalavulira kumbali.

"Ine asanu ndi limodzi. Ankafuna wodula waya. Ine sindinadule, ndipo wodulayo sindimudziwa. Ndinatchula Enock chifukwa ndilo dzina linabwera pakamwa." Anayang'ana manja ake. "Zaka ziwiri zoyamba ndinkakutukwanani tsiku lililonse. Ndinkati ndikadzatuluka ndidzakumizani m'nyanja. Chaka chachitatu Enock anafera m'chipinda chimene ndinkagona ine. Anatsegula m'mimba sabata imodzi. Sankadziwa kuti ndine, ndipo madzi ankamwa m'manja mwanga. Kuyambira pamenepo ndinasowa pokutukwanirani."

"Amayi ake akudziwa?"

"Sanauzidwe. Dzulo anandifunsa, ndinati tinasiyanitsidwa ndende." Anaimirira movutikira. "Sindinabwere kudzakukhululukirani, alamu. Ine ndine yani? Ndangobwera kuti mudziwe. Nyumba ya a Agnes yatsala pang'ono kugwa. Muli ndi nsungwi?"

Mwezi womwewo anthu anaona amuna awiriwo, wotsimphina ndi wachifuwa, akufolera nyumba ya a Agnes. Sankalankhulana zambiri. Stanley ankaponya mitolo ya udzu, Lenard ali pamwamba akumanga. Kangapo konse Stanley anafika pakhomo pa mayiyo atatsimikiza zowauza, koma ankabwerako atangopereka nsomba.

Lenard anamufotokozera Enifa zonse zimene anamva. Enifa anamvetsera mpaka kumapeto, nalira kwa nthawi yoyamba chichitikire zinthuzo, koma ankalirira Enock. Mphasa yake sanaibweze. Chimene chinasintha n'chakuti masana ena ankabwera kuchisakasa ndi chinangwa chophika, n'kukhala pang'ono, kukamba za mitengo ya nsomba ku Lilongwe kapena za sukulu ya Mayeso.

Stanley sanalowenso m'bwato. Chifuwa chija chinamutenga mu 1982, mvula itangoyamba. Pamaliro akuluakulu anapempha Lenard kuti alankhule m'malo mwa akamwini, popeza ndiye anasunga banjalo. Anaimirira, nayang'ana anthu, nanena kuti, "Malemuwa anali alamu anga." Anaima choncho kanthawi, pakamwa pali yasa, mpaka mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo kuti amupulumutse.

Za a Agnes zinatsala m'manja mwa Lenard yekha. Chaka chilichonse mu Okutobala ankakwera padenga lawo, ndipo mlungu uliwonse ankatumiza Gladys ndi ndiwo. Mayiwo ankamutcha mwana wawo. Ankamusungira mazira, ndipo akamva kuti kwina andende atulutsidwa ankamuitana kuti awalembere kalata yofunsa ku boma. Lenard ankalemba, n'kukaiponya ku positi ya ku Salima. Yankho silinabwerepo. Kawiri konse Enifa anamuuza kuti, "Auzeni, alire mwana wawo." Iye ankavomera, n'kupita, n'kupeza mayiwo akusoka malaya a Enock amene njenjete zinaboola, ndipo ankabwerako osanena.

A Agnes anamwalira mu 1988 akudikirabe. Analibe wachibale wapafupi, choncho bokosi anakhoma ndi Lenard, ndi matabwa a bwato la Stanley limene linali litasiya kale ntchito. Iye mwini anakhala zaka zina zitatu. Anadwala masiku ochepa chabe, ndipo amene anakhala pambali pake mpaka kumapeto, akumutembenuza ndi kumumwetsa madzi, anali Enifa. Anaikidwa kumanda a kwa mkazi wake, chifukwa kwawo ku Chinguluwe kunalibenso womudziwa.